ZA AMAYI: Manja Amene Adajambula Buku la Mwana Wanu

Kuno ku Songwe mpunga wayamba kuweramitsa ngala ndipo ana akaweruka kusukulu akuthamangira kumunda kukaingitsa mbalame. Sabata ino tiyambe tapumula pa nkhani za kukhitchini ndi za kusikelo. Pali kanthu kamene kandikhala pamtima chichokere kumsika Loweruka lapitali, ndipo ndikhulupirira kuti kakukhudza nyumba iliyonse imene muli mwana wa sukulu.

Ndidatengana ndi mzime wanga, mtsikana wa Sitandade 2, kupita kumsika wa pachipata. Pobwerera adandipempha mandasi, ndipo mayi wogulitsa adatikulungira m'pepala monga mwa masiku onse. Titakhala pamthunzi ndidaona kuti mwana sakudya. Adali atayala pepala lija pabondo n'kumaliwongola ndi chikhatho. Lidali tsamba long'ambidwa m'buku la ana. Pakati pa madontho a mafuta pankaoneka kamtsikana kali ndi mtsuko pamutu, kagalu kali pambuyo pake, ndipo kutsogolo kwake njira idagawikana pawiri.

"Amayi," adatero mwana, "kodi ameneyu alowera njira iti?"

Ndidasowa choyankha, pakuti tsamba lotsatira lidali litapita kale ndi munthu wina wogula mandasi. Mayi wogulitsa uja sindikumuweruza ayi. Ndi mnzathu wofunafuna ya sopo ndi ya mchere monga ife tonse, ndipo ine ndemwe ndidakulungirapo usipa m'mapepala amene sindidawayang'ane n'komwe. Koma tsiku limenelo ndidachita manyazi. Munthu wina kwinakwake adakhala pansi masiku ambiri kuti kamtsikanako kaoneke chomwecho, ndipo ife ntchito yakeyo tidaisandutsa chopukutira mafuta.

Ife a kuno kumpoto tiyenera kukhala oyamba kuthokoza anthu ojambula zithunzi za m'mabuku. Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, ana a kuno adayamba kuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chimene kunyumba sankachimva. Ine pamene ndinkalowa Sitandade 1 m'zaka za m'ma 1980 ndinkangodziwa Chinkhonde cha amayi anga. Aphunzitsi atatsegula buku la Sosa, mawu adali ngati nyerere zoyenda papepala. Chimene chidandigwira dzanja chidali chithunzi. Ndikaona chinthu chimene ndinkachidziwa kale kwathu, dzina lake la m'Chichewa linkakhazikika m'mutu popanda chikoti. Titafika pa Chingerezi tidakumana ndi Timve ndi Tsala, ana aja amene aliyense wa msinkhu wanga amawakumbukira ngati abale ake. Pa buku limodzi tinkaunjikana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mitu kugundana, ndipo amene adali kumapeto ankangoona chithunzi chokha, mawu osawaona. Koma sitidaganizepo kuti kuseri kwa zithunzizo kudali munthu wa manja ngati athu. Ine sukulu ndidalekezera ku pulayimale, ndipo mpaka kukwatiwa ndinkayesa kuti zithunzi zimangotuluka m'makina monga ufa pachigayo.

Komatu ufa wa pachigayo uli ndi munda wake, ndipo chithunzinso chili ndi mwini wake. Wolemba nkhani akamaliza, osindikiza mabuku amaipereka kwa wojambula. Iyeyu amaiwerenga kangapo, kenaka amaigawa m'masamba, pakuti mabuku ambiri a zithunzi a ana amakhala ndi masamba 32 okha ndipo nkhani yonse iyenera kukwana m'menemo. Amayamba ndi pensulo, kujambula, kufufuta, kuyambanso. Ayenera kusankha pamene adzaimikire nkhani kuti mwana alakelake kutembenuza tsamba, monga wokamba nthano amayamba wakhala chete fisi akafika pakhomo. Ayeneranso kusamala kuti nkhope ya mwana wa patsamba loyamba ikhale yomweyo patsamba lomaliza, kaya akuseka, akulira kapena watembenuka. Osindikiza akavomera, ndi pamene amatenga pepala lochindikala, inki ndi utoto, n'kujambula chithunzi chenichenicho, kawirikawiri chachikulu kuposa mmene chidzaonekere m'buku. Makina amangotengera chimenecho, ndipo ndi inki ya mitundu inayi yokha, yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, amatulutsa mitundu yonse imene timaiona.

Chithunzi cha pamanja chimenecho n'chimodzi chokha pa dziko lonse. Mabuku angasindikizidwe zikwi zambirimbiri, koma onsewo ndi ana ake. Ukachiyang'ana pafupi umaona pamene pensulo idadutsa, pamene wojambula adalakwitsa n'kupakapo utoto woyera, ndipo nthawi zina umapeza timawu timene adalembera osindikiza m'mphepete. Ife alimi a mpunga tikudziwa kusiyana kwa mpunga wa m'mbale ndi wa mbewu. Wa m'mbale ukatha timakasinja wina, koma mbewu ikatayika ndiye kuti mtundu watha. Masiku ano ojambula ambiri akugwiritsa ntchito kompyuta, kotero kuti zithunzi za papepala zikunka zichepa, ndipo zimene zilipo n'zofunika kuzisamala koposa kale.

Anzathu a maiko ena adaizindikira kale nkhani imeneyi, ndipo ndikufuna mumve mmene banja lina losunga zinthu lidapulumutsira buku lotchuka. Mu 1893 mayi wina wa ku England, Beatrix Potter, adamva kuti mwana wa zaka zisanu wa mnzake, amene kale adali mphunzitsi wake, akudwala. Kuti amusangalatse adamulembera kalata ya nthano ya kalulu wosamvera wotchedwa Peter, amene adakaba ndiwo m'dimba la munthu amayi ake atamuletsa, ndipo m'kalatamo adajambulamo tizithunzi ta kaluluyo. Mwana adachira, koma kalata sidatayidwe. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, Potter adakaibwereka kalata ija n'kuisandutsa buku. Osindikiza angapo adalikana, motero mu 1901 adasindikizitsa yekha mabuku 250 ndi ndalama za m'thumba mwake. Mu 1902 kampani ya Frederick Warne idalitulutsa ndi zithunzi za utoto, ndipo buku la The Tale of Peter Rabbit likuwerengedwabe mpaka lero m'ziyankhulo zambiri. Zojambula zambiri za mayiyu zikusungidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya Victoria and Albert ku London. Tangoganizani, amayi, mayi wa mwana uja akadaikolezera moto kalatayo!

Ku London komweko, mu 2018, mapu a nkhalango amene E. H. Shepard adajambulira buku la Winnie-the-Pooh la mu 1926 adagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's pa mtengo wa mapaundi 430,000. Pepala limodzi lokha! Ng'ombe zonse za m'mudzi mwathu titazigulitsa sitingafikepo. Sindikunena kuti pepala lililonse la m'sutikesi mwanu lidzakugulirani galimoto ayi. Ndikungofuna muone kuti anthu amene adaleredwa ndi buku amalilemekeza monga munthu amalemekezera nyumba imene adabadwiramo.

Nanga kwathu kuno? Pali buku la ana lotchedwa Galimoto, limene lidatuluka ku America mu 1990. Adalilemba ndi Karen Lynn Williams, mayi amene adakhalapo kuno ku Malawi, ndipo zithunzi zake za utoto wa madzi adajambula ndi Catherine Stock. Ndi nkhani ya mnyamata wotchedwa Kondi, amene adayendayenda m'mudzi tsiku lonse kutolera mawaya, ena kumuseka ena kumukalipira, mpaka pofika madzulo galimoto yake idatheka. Ana ambiri a kutsidya kwa nyanja adadziwa mawu akuti galimoto ndi maonekedwe a mudzi wa ku Malawi kudzera m'zithunzi zimenezo. Chonsecho mawaya omwewo ndi amene ife timawataya kudzala tikamasesa, tikuti ndi zinyalala.

Ina ndi nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 idamuchotsa pasukulu ya sekondale kaamba kosowa fizi. M'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya kwawo adapeza buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake padali chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chake chidali chochepa, choncho ankatsata zithunzi ndi mizere yolozera. Mu 2002, ali ndi zaka 14, adaimika makina ake opangidwa ndi zitsulo zotola, njinga yowonongeka ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu, mpaka babu lidayaka. Mu 2012 nkhani yake idatuluka ngati buku la zithunzi la ana, The Boy Who Harnessed the Wind, ndipo wojambula wake adali Elizabeth Zunon, mayi amene adakulira ku Abidjan m'dziko la Côte d'Ivoire. Iye adaphatikiza utoto ndi timapepala todula n'kumata. Mnyamata amene adaphunzira kwa chithunzi, lero ana a maiko ena akuphunzira kwa chithunzi chake.

Alendo amenewa tiwathokoze, pakuti adatigwirira ntchito yabwino. Koma amene adzajambule mwana wa ku Songwe akudyetsa ng'ombe m'mbali mwa mtsinje, kapena mayi akusenda matoki a mbalagha, adzachokera kuti ngati sadzachokera m'nyumba zathu? Ku Ghana, Meshack Asare adadzipereka kulemba ndi kujambula yekha mabuku a ana a kwawo, ndipo mu 1982 adalandira mphoto ya Noma, imene inkaperekedwa pa mabuku osindikizidwa mu Africa. Nayenso adali mwana wa mayi wina.

Tsono ndikuuzeni chimene chidatigwera ife a gulu la amayi kuno. Padali mphunzitsi wina wopuma amene pa zaka zake zonse za ntchito ankajambula yekha zithunzi za nthano pa makatoni ndi kuseri kwa makalendala akale, poona kuti mabuku adali osakwana. Kalulu ndi njovu, fulu ndi nyani, mtsikana wokana amuna amene adakwatiwa ndi fisi, zonsezi adazijambula ndi makala, inki ndi dothi lofiira. Anthu a m'zithunzizo adavala monga timavalira kuno, ndipo nyumba zawo zidali pakati pa nthochi monga zathu. Ine ndemwe ndidaphunzira ndi zithunzi zimenezo. Atamwalira, tidapangana m'gulu kuti tikapemphe mayi wamasiye atibwereke kuti tiziphunzitsira ana a mkombaphala. Koma tidazengereza. Uyu ali ndi maliro, uyu wapita ku Kyela kukapikula katundu, uyu akuwokera mpunga. Chaka chidatha. Dzinja lotsatira mtsinje wa Songwe udasefukira monga umachitira, ndipo madzi adalowa m'nyumba zambiri.

Madzi ataphwa tidapita, ndipo agogo aja adakoka sutikesi kunsi kwa bedi.

"Ana anga, mwachedwa," adatero. "Atate anu ankati izi zisadzatayidwe, ndipo ine sindidataye. Koma ndikadadziwa ndikadazipachika kudenga."

"Agogo, olakwa ndife," ndidayankha, maso ali pansi.

Makatoni adali atamatirirana ngati chikondamoyo, ndipo pamene madzi sadafike chiswe chidali chitadya kale. Tidapulumutsa zithunzi zinayi zokha. Agogowo adasunga mmene ankadziwira. Amene tidazengereza ndife. Akulu adati madzi akatayika saoleka. Zinayi zija tidaziumitsa pamthunzi, ndipo lero ana a mkombaphala amazidziwa pamtima. Koma zina zonse zidapita, ndipo manja amene adazijambula ali kumanda.

Mwina wina anganene kuti kujambula ndi ntchito ya abambo kapena ya azungu. Ayi ndithu. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zina mwa zithunzi zoyera za kumeneko n'za chinamwali, pamene amayi a mtundu wa Achewa ankaphunzitsa atsikana mwambo. Makolo athu achikazi adadziwa kuti malangizo olowera m'maso satuluka msanga. Ifenso tikamazira nyumba ndi dothi la mitundumitundu, tikamaluka mkeka wa mizeremizere kapena kupeta maluwa pansalu ya patebulo, kodi sitikujambula?

Nanga tichite chiyani, amayi?

Choyamba, buku la mwana lisasanduke chokulungira. Likutireni ndi pepala lolimba ndipo likhale ndi malo ake okwera, kutali ndi moto ndi ndowa ya madzi. Amene timagulitsa mandasi, zitumbuwa ndi usipa, tsamba la nthochi kuno silisowa. Abambo a kunyumba amene amang'amba masamba a mabuku kuti apichirire fodya tiwapemphe mwaulemu kuti aleke.

Chachiwiri, khalani pamphasa ndi mwana muziwerenga zithunzi pamodzi. Mayi amene sadapite kusukulu asadziderere, pakuti chithunzi sichifunsa setifiketi. Mufunseni mwana kuti uyu ndani, akuchita chiyani, wakwiyiranji, ndipo chichitike n'chiyani patsamba linalo. Kambiranani m'chiyankhulo cha kunyumba, kaya Chinkhonde, Chitumbuka, Chiyao kapena Chichewa. Mukatero mupempheni akuwerengereni dzina la wojambula pachikuto, kuti adziwe kuti iyinso ndi ntchito ya munthu.

Chachitatu, mwana wokonda kujambula pansi kapena pakhoma musathamangire kumukwapula. M'patseni malo ake, kaya katoni kaya khoma la kuseri kwa khitchini. Utoto wa kusitolo ukadula, makala, mwaye, phulusa ndi dothi lofiira zilipo, ndipo mukasakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa zimagwira bwino papepala. Mtsikananso apatsidwe nthawi. Asakhale wotunga madzi yekhayekha pamene mlongo wake akujambula. M'mera mpoyamba.

Chachinayi, ngati m'nyumba mwanu muli zojambula za pamanja, kaya za mwana kaya za malemu, zisungeni motere. Musazipinde, ziyaleni pakati pa makatoni awiri ouma. Lembani dzina la wojambula ndi chaka kuseri kwake ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera. Musamate ndi selotepi, pakuti ikakalamba imasiya chikasu chosachoka. Padzuwa utoto umasuluka, ndipo utsi umadetsa pepala. Musatsekere m'pulasitiki pepala lachinyezi, limachita nkhungu. Ife a m'mbali mwa mitsinje tiziike pamwamba mvula isanayambe, ndipo kawiri pachaka tizitsegule kuona ngati chiswe, mphemvu kapena makoswe sizidalowemo. Zikanyowa musazimatule mwamphamvu. Ziumitseni pamthunzi pang'onopang'ono. Amene ali ndi foni yojambula azijambule, kuti tsoka likagwa pakhale potsalira.

Chachisanu, mukapita ku Boma tenganiko ana ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba imene idatsegulidwa mu 2004. M'menemo muli chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale chimene mafupa ake adafukulidwa m'boma lathu lomwe lino. Mwana apite ndi pensulo ndi kope, ajambule chimene waona. Amayi a m'maboma ena, kumene kuli laibulale pafupi, musaidutse ngati nyumba ya eni.

Chotsiriza n'cha magulu athu. Mutu umodzi susenza denga. Gulu lililonse lipeze gogo mmodzi wodziwa nthano ndi mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa luso. Gogo akambe, wina alembe, mwanayo ajambule. Ife kuno tagwirizana kupatula kangachepe pa banki mkhonde kogulira mapepala ndi kothokozera wojambula, pakuti naye amadya nsima. Musadikire chaka chamawa monga tidachitira ife.

Za tsamba la mandasi lija, mzime wanga adakana kulitaya. Madzulo ake adatenga khala pamoto wozima, n'kujambula kuseri kwa katoni tsamba limene lidasowa lija. Kamtsikana kadatsata njira ya kumanzere, kagalu kali patsogolo, ndipo kadapeza amayi ake akupeta mpunga. Mtsuko udatuluka waukulu kuposa nyumba, koma sindidaseke. Ndidalemba dzina lake ndi chaka kuseri, ndipo katoniyo ili pamwamba pa kabati pamodzi ndi tsamba lamafuta lija.

Amayi amene muli ndi mabuku akale a kusukulu kapena zojambula za makolo, tilembereni patsamba lino mutiuze mmene mwazisungira, kuti anzathu atengerepo nzeru. Sabata yamawa tidzakambirana za kasungidwe ka mbewu ya mpunga.